Chithunzi Chonamizira aNasimbi

Lachinayi, 9 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndipo maphunziro akupita kumapeto monga munanenera. Kuno amayi ali bwino, kungoti bondo lija limawavuta kukazizira. Ine ndili moyo, koma mtima suli m'malo. Mudabwa kuti mlongo wanu waulesi uja wagwira cholembera pamene foni ilipo. Pafoni ndimaseka, inu n'kuseka, ndiye bodza limangotuluka lokha. Papepala mwina ndinena zoona.

Nkhani yayambira pa kamera munandisiyira ija. Mukukumbukira zithunzi zanga zoyamba za nyerere? Munandifunsa ngati zinali nyerere kapena tsitsi logwera pagalasi, kenako n'kundiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinakwiya, koma sindinasiye. Nthawi yopuma masana anzanga akamadya, ine ndimakhala kuseri kwa shopu yathu ya utelala, nditagwada pa ntchentche. Abwana amati, “Anzako akujambula maukwati, iwe ukujambula ntchentche. Ikakwatiwa utiitane.”

Lolemba kunabwera mkwati wina kudzayesa masuti asanu a ubweya amene tinamusokera, yake ndi ya omuperekeza. Atavala jekete anaima pawindo n'kukweza mkono, ndipo tonse tinaona timabowo paphewa, ting'onoting'ono ngati mutu wa machesi. Tinafufuza masuti enawo, atatu anali otero. Mkwati anatuluka osatsanzika, chitseko chokha ndi chimene chinalankhula.

Abwana anandiitana. “Iwe wa ntchentche, bwera nayo kamera yakoyo. Lero igwire ntchito yooneka.”

Masutiwo anali atabwezedwa m'kachipinda ka kumbuyo komwe timapachika zovala, ndipo mumakhala mdima. Ndinayatsa fulashi, n'kuyandikitsa galasi lalitali la kamera pabowo mpaka kutsala pang'ono kukhudza nsalu. Chithunzi chinatuluka ndi bowo lozunguliridwa ndi mkombero wakuda. Abwana anachikulitsa n'kugwedeza mutu.

“Uku n'kupsa. Itanani aNasimbi.”

ANasimbi ndi mayi amene amasita zovala zonse za m'shopu muno, dzinalo tinawapatsa chifukwa cha simbi yawo. Sabata yatha magetsi anazima masiku awiri, iwo n'kugwiritsa ntchito simbi ya makala, ndipo aliyense amadziwa kuti makala amathetheka. Anabwera akupukuta manja pachitenje, n'kuyang'ana jekete osati chithunzi.

“Abwana, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikusita muno. Kamoto kakagwera pansalu kamasiya fungo, nunkhizani. Izi ndi njenjete.”

“Njenjete zichokera kuti m'shopu mwanga? Nsalu zonse muno n'zatsopano. Chithunzi sichinama, mayi. Lachisanu mutsanzike.”

ANasimbi sanalire. Anandiyang'ana kamodzi, n'kubwerera ku tebulo lawo. Amuna awo sayenda chiwagwetsereni matenda chaka chatha, ndipo nyumba yonse imadya za simbi imeneyo.

Achimwene, khalani pansi, chifukwa apa ndi pamene ndikulowa ine.

Jekete ya malemu bambo, yabulauni ya mizeremizere ija, munandipempha kuti ndiichepetse m'mapewa kuti mudzaivale tsiku lolandira digiri. Ndinakuuzani kuti ndinamaliza, ndipo ndinakuuzani kawiri. Sindinaikhudze n'komwe. Ndinaitenga m'sutikesi ya amayi miyezi isanu yapitayo, ndinaikulunga m'thumba la pulasitiki, n'kuipachika kumapeto kwenikweni kwa kachipinda ka kumbuyo, kuseri kwa masuti a makasitomala, abwana osadziwa. Lamulo la muno ndi lakuti chovala chakale sichilowa m'kachipindamo. Ndinkati ndi za sabata imodzi basi. Koma ndikatenga lezala kuti ndimasule msoko, kolala imanunkhirabe mafuta amene bambo ankadzola kumutu, ndiye ndinkangoibweza. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ine ndalinda njenjete.

Lolemba lija aNasimbi atangotchula njenjete, ndinakumbukira jekete imeneyi. Koma sindinaulule. Ndinadziuza kuti chithunzi chaonetsa kupsa, nanga ine ndine ndani?

Lachiwiri masana ndinatenga jekete ya mkwati ija kupita nayo pawindo. Ndi maso, mkombero wakuda uja sindinauone. Ndinajambula osayatsa fulashi, zonse zinatuluka mbuu chifukwa kamera inkagwedezeka m'manja. Ndinayatsanso fulashi, mkombero unabwerera. Ndinazimitsa, unachoka. Apo m'pamene ndinazindikira kuti galasi lalitali lija likayandikira kwambiri limatchinga kuwala kwa fulashi n'kugwetsa mthunzi wake pomwe ukujambulapo. Kupsa kumene kwachotsetsa munthu ntchito kunali mthunzi wa kamera yanga. Munandichenjezapo za zimenezi, ndikukumbuka tsopano, koma tsiku limenelo ndinkaganiza za nsapato zimene simunandigulire.

Lachitatu ndinalawira, ndinafika alonda asanachoke. Ndinadzaza kathumba ndi tizidutswa ta nsalu n'kukhazikapo kamera kuti isagwedezeke. Nyali ya pamakina osokera ndinaiphimba ndi kansalu koyera kopyapyala kuti kuwala kufewe, n'kuiika cham'mbali. Pafupi ndi bowo ndinagoneka singano kuti kukula kwake kudziwike. Ndinatchera kamera kuti ijambule yokha pakatha masekondi khumi, ine manja kumbuyo.

Chithunzicho chinatuluka choyera, Achimwene. Ulusi uliwonse unaoneka pawokha. Palibe unapsa. Unali wodukaduka ngati wolumidwa, ndipo m'mbali munali timibulu tating'ono ta mtundu wa nsaluyo ndi kaukonde koyera.

Ndinapita kumapeto kwa kachipinda n'kutsegula thumba lija. Tinatulukamo tinjenjete titatu, totuwa, touluka mwaulesi. Nditatembenuza kolala ndinapeza timphutsi toyera ta mitu yofiirira, tikudya mosatekeseka. Msana wa jekete uli ngati sefa.

Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma m'malo molira ndinakhazika kamera. Mukamajambula pafupi chonchi, pamene pamaoneka bwino ndi popyapyala ngati ulusi. Mutu ukaoneka, mchira umasowa. Ndinasiya kupotokola galasi, ndinayamba kukankha kamera yonse pang'onopang'ono pakathumba paja, nditagwira mpweya. Kamphutsi kakasuntha, ndiyambirenso. Ndinajambula zoposa makumi anayi. Chimodzi chinagwira zonse: mutu, timano take, ndi ulusi wabulauni uli m'kamwa. Chiyambireni sindinajambulepo chithunzi chokongola chotero, ndipo ndimadana nacho.

Vuto lake ndi lakuti kamphutsiko kakhala pansalu yabulauni ya mizeremizere, pamene masuti a mkwati ndi abuluu. Abwana nsalu amaidziwa ngati nkhope ya mwana wawo. Akangoona afunsa kuti ndi ya ndani.

Ndikuuzeninso china chochititsa manyazi. Ndinatola kamphutsi kamodzi ndi nsonga ya singano n'kukaika pa jekete ya mkwati, ndipo ndinakajambula pamenepo. Ndinati ndionetsa chimenecho, aNasimbi apulumuke, jekete ya bambo ndiitulutse mwakachetechete, njenjete zikhale zochokera kumwamba. Madzulo poweruka ndinaipinda m'chikwama changa. Pakhomo ndinakumana ndi aNasimbi akumanga mpango.

“Chikwama chafufuma lero, mwanawe. Wanyamula chiyani?”

“Palibe, mayi. Ndi juzi chabe.”

“Oho. Kukuzizira ndithu.”

Anaima pomwepo osasuntha. Ndinanamizira kuti ndaiwala makiyi, ndinabwerera m'kati n'kuipachikanso pamalo pake. Chithunzi chabodza chija chikadali m'kamera. Ndachiyang'ana lero kambirimbiri, chala chili pabatani lofufutira. Chithunzi changa chimodzi chinanama ine osadziwa. Ichi ndiye ndachinamitsa dala.

Panopa ndi nthawi yopuma, ndikulemba nditatsamira pamakina. Ndikumva simbi ya aNasimbi ikugunda patebulo kuchipinda chinacho. Akusita malaya onse otsala kuti wobwera pambuyo pawo asadzapeze mulu. Mawa ndi Lachisanu. Ndikaulula, ntchito yanga ikhoza kuthera pomwepo, ndipo amayi adziwa zimene ndachita ndi jekete ya amuna awo. Ndikuopa, Achimwene. Belu lalira, ndimalizitsa mawa.

Lachisanu masana

Ndapitiriza ndi cholembera china, chija chagwera pansi pa makina.

M'mawa abwana anaitana aNasimbi ku tebulo lodulira nsalu, envelopu ya malipiro awo omaliza ili m'manja. Atelala onse makina anaimitsa. Ine ndinapita ndi kamera kudzanja lina, thumba la jekete kudzanja lina.

“Abwana, musanawapatse, taonani izi.”

“Zantchentche zako pambuyo.”

“Chithunzi cha Lolemba chinanama. Wakuda uja unali mthunzi wa kamera. Ndinajambula molakwika.”

Ndinawaonetsa chithunzi cha Lachitatu chija, bowo ndi singano pambali pake. Anavala magalasi, n'kuchikulitsa. Kenako ndinadina mothamanga kupita kutsogolo, ndipo chimene ndinaimapo chinali chabodza chija, kamphutsi pansalu yabuluu.

“Ndi njenjetedi,” anatero abwana motsitsa mawu. “Koma zalowa bwanji muno?”

Pamenepo khomo lothawira linali lotseguka, Achimwene. Ndikanangokweza mapewa, nkhani ikanatha.

“Kameneko ndinachita kukaikapo ndine. Kwawo ndi uku.”

Ndinadina kubwerera ku cha pakolala chija, n'kuyala jekete ya bambo patebulo. Kanjenjete kamodzi kanauluka n'kukatera pa tepi yoyezera imene abwana amakoleka m'khosi. Palibe anaseka.

Zimene abwana analankhula sindilemba zonse, pepala lingapse. Anafunsa kuti ndi miyezi ingati, ndinayankha. Anafunsa ngati lamulo ndimalidziwa, ndinavomera. Analamula kuti zovala zonse za m'kachipinda zitulutsidwe padzuwa, m'kati mupoperedwe mankhwala. Envelopu ija anaibweza m'thumba la malaya awo. Kwa aNasimbi anangoti, “Mayi, pitirizani ntchito,” maso ali pansi. Kwa ine anati ndipite kunyumba ndikamaliza kutulutsa zovala, ndidzamve Lolemba ngati makina anga adzakhale akadali anga.

Ndinapita ku tebulo la aNasimbi n'kugwada.

“Mayi, ndikhululukireni. Ndinakulakwirani.”

Anaimika simbi. “Jekete imeneyo ndinaiona kalekale, mwanawe. Ndani amasesa m'kachipinda muja? Ndinkakuonanso ukuinunkhiza. Ndinadziwa kuti ndi ya bambo ako.”

“Nanga bwanji simunanene Lolemba?”

“Ndinanena za njenjete. Za jekete zinali zako.” Anatenga malaya ena n'kuwayala. “Masiku anayi ndakudikira. Usiku uliwonse amuna anga amandifunsa kuti tidzadya chiyani, ine n'kumati tiyeni tione mawa. Dzuka, ukutchinga kuwala.”

Ndinadzuka. Sananene kuti andikhululukira, ndipo sindinawaumirize.

Nditatuluka kukayanika zovala, ndinabwerako n'kupeza jekete ya bambo ili pamakina anga. ANasimbi anali ataidutsitsa simbi yotentha yonse, msoko ndi msoko, kuti mazira afe, n'kuipinda bwinobwino monga amapindira za makasitomala. Fungo la mafuta a bambo lija lachoka, yangotsala kununkha simbi. Apo ndiye ndinalira.

Singavalidwenso, Achimwene. Ndaiyang'ana mbali zonse ngati telala, osati ngati mwana wawo, ndipo palibe pogwira singano. Pa digiri yanu mudzavala ina. Ngati Lolemba ndidzakhale ndi makina, ndidzakusokerani ndekha, ndipo ulendo uno ndikadzati ndamaliza mudzafunse chithunzi. Ndathothola mabatani ake anayi, atatu ndaika m'envelopu muno, limodzi ndasunga. Ndaikamonso zithunzi ziwiri, cha mthunzi chija ndi cha kamphutsi pakolala. Mundiuze ngati kuwala ndinakuika bwino, poti palibenso wina amene ndingamufunse.

Amayi sindinawauze. Ndiwauza madzulo ano ndisanavule nsapato, chifukwa ndikakhala pansi ndiyambanso kuzengereza. Chonde kalatayi ikafika, mukawaimbira musandilankhulire. Ngati mwakwiya, kwiyani ndithu, koma mundiyankhe.

Moni kwa alamu ndi kwa mwana. Mumuuze kuti azakhali ake anajambula kangaude wa maso ambirimbiri, adzamuonetsa. Amayi akupereka moni, anandiuza m'mawa ndikuchoka, akadali osadziwa kanthu. Ananditumanso kuti ndikufunseni ngati mwanenepa, kuti jekete ya bambo ingakuthineni. Alonda a pashopu akuti moni. Kwa aNasimbi sindinapemphe moni woti ndikupatsireni. Poweruka ndinawatsanzika, iwo anati, “Uyende bwino,” koma mawu akuti mwanawe sanawatchule.

Ndine mlongo wanu,
uja wa ntchentche