Tiwonge wasaina mafomu

Lachiwiri. Tsiku lokoma chomene!

Dziko lonse lidziwe kuti ine Mhango wa ku Lupaso, wolekeza Sitandade 5, lero ndabwezera munthu ku yunivesite.

Mwana wanga Tiwonge, mayi wa zaka 43, anasiya maphunziro ake kumeneko chaka chatha chifukwa makalasi ankatha mochedwa, mapasa ake n'kumadikira okhaokha pageti pa sukulu. Kulembetsanso kukutha mawa. Ndamuuza kuti anawo ndizikawatenga ine.

"Inu adada? Paja munaiwala njinga kumaliro!"

"Njinga siilira, mwana wanga. Awa akalira ndikumbukira."

Waseka mpaka misozi, kenako wasaina mafomu n'kundithokoza. "Yewo, adada."

Chamufewetsa mtima kwenikweni n'choti ndamuuza kuti aphunzitsi ake a ku yunivesite anandiimitsa mumsika kufunsa kuti abwerera liti. Zimenezo ndangopeka. Anthuwo ngakhale nkhope zawo sindizidziwa.