Kagalimoto ka Bambo Katuluka Kokha M'mudzi

Amayi anga, kodi kumene muliko mukukhala bwanji? Ife kuno tili bwino, kupatula chimfine chimene chabwera ndi fumbi la mwezi uno. Chichokereni inu ndakhala ndikufuna kukulemberani, koma ndinkadikira nkhani yoti mukaimva museke, chifukwa kulira tinalira kokwanira.

Ndiyambe ndi zapakhomo. Mng'ono wanga Agnesi wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akayamba kulira salola kuti wina alankhule, ndiye tikuti dzinali silinasochere. Kachewere wa kudimba la kumtunda anachita bwino, koma kabichi anatha ndi mbozi poti palibe amene amalawirira kukamuyendera monga munkachitira inu. Chimanga chitifikitsa ku zatsopano ngati sitichita nacho chibwana. Mbuzi yanu yamawanga ija sinasinthe khalidwe, mlungu watha inadya nyemba za eni ake ndipo Agnesi anakapepesa.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi ya kagalimoto kofiira ka Bambo, ka mipando iwiri, kopanda denga, kamene mzungu wa kuesiteti anawasiyira pobwerera kwawo. Kaja munkakatcha mkazi mnzanu. Chiwonongekereni injini yake ine ndili Sitandade 3, kanangokhala pansi pa mtengo wa mapeyala, nkhuku zanu zikuikira mazira pampando. Loweruka lililonse Bambo ankakapukuta, inu n'kumadutsa ndi ndowa pamutu mukuti, "Amuna anzawo akunola makasu."

Titamaliza maliro anu, alongo anu, amalume a Filipo, anauza Bambo kuti adzawasudzula pa tsiku la chiliza chanu. Mukudziwa mmene zimakhalira, mkamwini akafedwa mkazi eni mbumba amamumasula kuti akafuna abwerere kwawo. Ana tinachonderera kuti akhale, ndipo kunena zoona amalume sanawathamangitse. Bambo okha ndiwo anati apita kwa alongo awo ku chigwa cha Bwanje, chifukwa pakhomo popanda inu akuona ngati akhala padepoti. Mlandu unali pa kagalimoto. Ogula zitsulo zakale anali atabwera kale kudzakazungulira, ndipo amalume analankhula pamaso pa anthu kuti, "Alamu, chinthu ichi chakhala padothi lathu zaka makumi awiri, chamera mizu. Chikatuluka chokha, osakankha, osakoka ndi ng'ombe, tengani. Chikakanika chipita pasikelo." Anthu anaseka, Bambo anangoyang'ana pansi.

Amayi, zinandiwawa. Munkakonda kunena kuti mkamwini asamakule mwendo, ndipo Bambo zaka makumi anayi sanaukuze mwendowo. Nyumba anamanga okha koma ndi yathu, minda ndi yathu, ngakhale ife ana ndife a kwanu. Chawochawo m'mudzi monse chinali kagalimoto kameneka. Kakanapita pasikelo, akanachoka pakabaza ndi thumba la zovala ngati waganyu amene wamaliza kupalira. Ndinalumbira mumtima kuti zimenezo sizichitika ine ndili moyo.

Paja munkadandaula kuti mwana wamkazi wanji wonunkha oyilo. Chaka chino fungo limenelo lagwira ntchito. Injini yakeyake ndinaitsegula n'kuitsekanso, munali dzimbiri lokhalokha, ndipo zipangizo zake kulibe ngakhale ku Limbe. Koma kugalaja kwathu ku Boma kunali injini ya pikapu ina imene inagubuduzika, bodi inatheratu koma injini ili bwinobwino. Ndi ya masilinda sikisi, pamene kagalimoto kathu kanabadwa ndi anayi. Abwana anga anati ndiitenge ngati misala yanga yafika pamenepo.

Apa ndiye tinalakwitsa, ine ndi amuna anu. Ndinawaimbira foni kuti ayeze malo okhala injini. Tepi anaikana, akuti manambala ake ndi ang'onoang'ono. Anadula mabango awiri, lina la m'litali lina la m'lifupi, n'kuwapatsira kondakitala wa minibasi atamulangiza kuti asathyoke ngakhale pang'ono. Ndinayeza pa injini, mabango akuti ikwana n'kutsalako zala ziwiri. Ndinavina m'galaja. Palibe mwa ife amene anaganiza za bango lachitatu, la msinkhu. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndikanangokwera minibasi n'kukayeza ndekha.

Injiniyo tinaibweretsa pa lole ya kabichi yobwerera yopanda katundu. Tinazika mitengo itatu ya bulugamu yokumana pamwamba, n'kupachikapo tcheni chokwezera injini. A Lusiyano owotcherera zitsulo aja anabwera ndi jenereta yawo pangolo. Injini inatsika pang'onopang'ono, inalowa ndithu, koma mutu wake unatsala kunja. Boneti inangokhala pamwamba ngati chivundikiro cha poto wodzaza mbatata. Amalume anaima pampanda manja ali kumbuyo n'kufunsa kuti, "Tereza, mtima wa ng'ombe m'chifuwa cha nkhuku?" Ndinangopitiriza ntchito, poti munandiphunzitsa kuti malume sayankhidwa uli ndi sipanala m'manja.

Walira mvula walira matope. Injini yaikulu inabwera ndi mavuto ake onse. Tinadula khoma la kutsogolo kwa mapazi n'kulibweza m'mbuyo kuti giyabokosi ya pikapu ipeze malo. Shafiti yopita kumatayala akumbuyo inatalika, ndinapita nayo ku Boma kukaifupikitsa. Rediyeta tinaisunthira kutsogolo mpaka kutsala pang'ono kutuluka. Mabuleki ndinasintha onse, chifukwa kuthamanga n'kosavuta, chovuta n'kuima. Miyezi itatu yathunthu Loweruka ndi Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ndinali pansi pa mtengo wa mapeyala, zikhadabo zanga zonse zakuda.

Koma chimene ndikufuna mumve bwino ndi cha Bambo. Chiikireni inu m'manda ankangokhala pakhonde, chakudya n'kungochitosa. Masabata oyamba ankangotionerera ali pampando. Tsiku lina ndikulimbana ndi bawuti ndinangomva kumbuyo kwanga, "Sipanala imeneyo si yake, tenga ya 13." Loweruka lotsatira anakokera mpando pafupi. Pofika Ogasiti anali atagona chagada pansi pa galimoto, akukangana ndi a Lusiyano za ekizozi, ndipo masana ankafunsa okha ngati ndiwo zapsa.

Za boneti mundikhululukire. Pogawa katundu wanu ine ndinatenga beseni lachitsulo lija munkagulitsira kachewere pamsewu ku Biriwiri. Ndinkati ndizisunga ngati chikumbutso. Koma titaboola boneti kuti mutu wa injini utuluke, panafunika chovundikira, ndipo beseni lanu titalivundikira linakwana ngati munachita kuyeza. A Lusiyano analikhomera bwinobwino, ine n'kupaka penti yofiira. Bambo analiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Amayi ako akanatikalipira mpaka mawa." Atatero anapita kuseri kwa nkhokwe, ndipo tinawasiya.

Tsiku limene inalira koyamba, nkhuku zonse zinathawira kudambo, ndipo amayi ena amene ankapita kuchigayo anabwerera poganiza kuti chigayo chasamukira kwathu. Tinazungulira mtengo wa mapeyala kangapo, zonse zili bwino. Ndinafuna tikayese njira yotulukira m'mudzi koma Bambo anakana, akuti katuluka kamodzi kokha, pa tsiku lake.

Chiliza chanu tinachivundukula Loweruka lapitali. N'choyera, ndipo akwaya anzanu anaimba mpaka mawu kusasa. Titabwerera kunyumba amalume anawasudzula Bambo mwaulemu, n'kuwathokoza kuti anasunga mlongo wawo mpaka mapeto. Bambo anavala jekete lawo lakuda, anaika thumba kumbuyo kwa mipando, n'kukhala pachiwongolero. Ine ndinakhala pambali pawo. Mudzi wonse unatitsata pambuyo, ndipo ogula zitsulo aja nawonso analipo ndi sikelo yawo panjinga.

Tinayenda bwino mpaka kumtsinje, paja njira imatsika isanakwere chitunda chopita kumsewu wa tara. Pamenepo matayala a ngolo anakumba mbali zonse ziwiri n'kusiya msana pakati. Kagalimoto n'kakafupi kale, ndiye kulemera kwa injini yatsopano kunatsitsanso mphuno yake. Ndinamva kukhula pansi, ndinawagwira Bambo dzanja kuti aime. Nditagwada kusuzumira ndinaona chiwaya chosunga oyilo chitagunda mwala wa pamsana paja. Kupitirira phazi limodzi chikanang'ambika, oyilo yense n'kutayikira mumtsinje, injini n'kufera pomwepo. Amuna angapo anathamanga kuti anyamule kutsogolo, koma Bambo anakweza dzanja n'kuti, "Asakakhudze munthu." Ine, Amayi, ndinaona miyezi itatu ija ikupita pasikelo.

Amalume anafika akuyenda pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse. Anawerama, anasuzumira pansi, anayang'ana Bambo amene anali atagwirabe chiwongolero ndi manja awiri. Kenako anavula jekete, n'kulandira khasu kwa mayi wina amene ankachokera kudimba. "Ine ndinaletsa kukankha ndi kukoka," anatero. "Njirayi ndi ya mudzi, ndipo kulambula njira ndi ntchito yathu. Alamu, bwererani m'mbuyo pang'ono." Bambo anabweza galimoto, ndipo alongo anu, ndi msana wawo wovuta uja, anayamba kukumba. Makasu ena anatulukira sindikudziwa kuti. Posakhalitsa mwala unazulidwa, msana wonse unasalala kuyambira kumtsinje mpaka pamwamba.

Chitunda chija mukuchidziwa, ngakhale malole a kabichi amapumira pakati. Bambo analowetsa giya yoyamba, kenako yachiwiri, ndipo kagalimoto kanakwera osakhosomola ngakhale kamodzi, fumbi lili kobo kumbuyo. Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Ine ndinkaseka ndi kulira nthawi imodzi, mpango wanga unauluka ndipo sindinaupezenso. Pamwamba Bambo anaima n'kutsika kudikira amalume, amene anafika ali wefuwefu, matope m'miyendo. Anagwirana chanza ndi manja onse awiri. "Alamu, mwachoka ngati mwamuna. Pano ndi panu, muzibwera," anatero amalume. Bambo anayankha kuti, "Ndizibwera, njira mwakonza kale." Ogula zitsulo aja anakwera njinga yawo osatsanzika.

Pa Boma akabaza ankatiimbira likhweru, ena kutithamangira ndi mafoni. Bambo sanayang'ane kumbali, anangokhala mowongoka pampando ngati amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku. Tinatsikira kuchigwa dzuwa likadali pamutu, kutentha kukuwonjezeka, ine diso lili pa geji ya madzi, koma singano sinasunthe. Azakhali anali kumunda wa mpunga. Atamva kuti mlongo wawo amene anachoka panjinga zaka makumi anayi zapitazo wabwera akuyendetsa galimoto yake, anathamanga osasamba m'miyendo, akuimba ndi kugubuduka pafumbi.

Bambo anazimitsa injini pabwalo la kwawo koma sanatsike msanga. Anakhala kanthawi manja ali pachiwongolero, anthu atatizungulira, kenako anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Tereza, ukawauze amayi ako kuti ndafika bwino." Ndiye ndi zimenezo, Amayi, ndakuuzani. Amuna anu afika bwino, ndipo afika mutu uli m'mwamba.

Musawadere nkhawa. Kutha kwa mwezi uliwonse ndizipita kukawaona, kukayang'ana oyilo ndi kuona ngati akudya. Tsiku limene maso awo adzayambe kuchita mdima ndidzawalanda makiyi ngakhale andikwiyire, ndipo ndizidzawayendetsa ndine kubwera nawo kudzasesa pamanda panu. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Tereza