Amuna Anga Ayamba Kusamba M'manja Pomaliza

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 3 kuno ku Lilongwe. Sindikulemba kuti ndiwanenere amuna anga, ayi. Samwa, samenya, sagona kunja. Ndikungofuna mundimasulire zomwe ndikuona m'nyumba mwanga, chifukwa ine mutu waima.

Amuna angawo, tingowatcha a Kassimu, ali m'chaka chomaliza cha maphunziro a opareshoni pa chipatala china mumzinda muno. Kale ankabwera kunyumba nkhani zili mbwee: lero ndasoka matumbo, lero adokotala aakulu andisiyira mpeni ndekha. Ndinkachita kuwaletsa kuti abambo, tikudya.

Zinasintha m'Malichi, pa 3 paja pokumbukira ofera ufulu, tonse tili m'nyumba wailesi ikuimba nyimbo zachisoni. Masana ndinabweretsa beseni la madzi monga mwa nthawi zonse. Kwathu bambo ndiye amayamba kusamba m'manja, kenako ana, ine pomaliza. Tsiku limenelo anakankha beseni n'kunena kuti, "Yambani inu ndi ana." Ndinkayesa nthabwala. Koma mpaka lero amasamba pomaliza, ndipo madziwo amakataya okha kuseri, safuna wina awakhudze. Mbale ndi kapu yawo anazipaka kadontho ka penti kuti zisasakanikirane ndi zathu. Apongozi anga atabwera kudzacheza anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga mwamudyetsa chiyani kuti azisamba m'madzi otsala ana?" Zinandiwawa kwambiri.

Chinanso, amabwera ndi magolovesi a kuchipatala, aja amawachapa n'kuwagwiritsanso ntchito. Amawauzira mpweya limodzilimodzi, n'kuliika pa tsaya kumvetsera ngati likutulutsa. Loweruka lathunthu limathera pamenepo. Ndinawaseka kuti kodi tikutsegula sitolo ya mabaluni? Iwo sanaseke. Chala chawo chamkombaphala chakumanzere amangochiyang'ana, pomwe ine sindionapo bala. Nditafunsa anangoti, "Palibe, kanali kasingano chabe." Za kuchipinda ndingoti tikukhala ngati pachibale.

Sabata yatha ndinakumana ndi a Reinford, mnzawo amene akuphunzira naye limodzi, pa msika waukulu. Anati, "Alamu, kodi achimwene akudwala? Odwala awo onse akupatsa ine, iwo amangoima pambali kugwirizira nyale. Buku lawo losayinitsa maopareshoni linaima pa Malichi, chikhalirecho mayeso ndi Novembala." Anandiuzanso kuti mabedi ambiri adzaza ndi odwala matenda atsopano aja anthu akuti magawagawa, moti maopareshoni ophunzirirapo ndi ochepa kale, aliyense akuchita kulimbirana.

Tsopano dzana a Kassimu andiuza kuti kumapeto kwa mwezi uno wa Ogasiti akapereka kalata yosiya maphunziro, azikathandiza amalume awo utelala kufupi ndi msika. Zaka zonsezi zipite pachabe kutangotsala miyezi itatu! Ine ndinangoti, "Kumenekonso kuli singano." Anadzuka n'kutuluka panja.

Aphungu, kodi munthu amene ankaikonda ntchito yake chonchi chimamutembenuza n'chiyani? Ndi mkazi wina? Ndi za anthu? Nanga beseni likugwirizana bwanji ndi buku la kuchipatala? Ndiwasiye apereke kalatayo?

S. K., Area 3, Lilongwe

*

Mayi S. K.,

Mkazi wina m'nkhani iyi mulibe, ndipo apongozi anu asakudwalitseni mutu: sindinamvepo mankhwala achikondi ochititsa mwamuna kuuzira magolovesi. Inu maso muli nawo akuthwa. Zonse mwaziona, kwangotsala kuzilumikiza.

Ine sindiombeza, koma ndikuganiza kuti m'Malichi muja amuna anu anadzibaya ndi singano akusoka wodwala. Wosoka ndi dzanja lamanja amabaya chala chakumanzere chomwe chimagwirizira, funsani amalume awo atelalawo. Matenda mukuwazungulirawo tiwatchule dzina: Edzi. A Kassimu akukhulupirira kuti anatenga, ndipo akusamba pomaliza kuti inu ndi ana musapise manja m'madzi awo. Akukutetezani ku chinthu chomwe m'besenimo mulibe.

Ndinakafunsa mayi Consolata, namwino wopuma pantchito amene ndimathamangirako pa nkhani zotere. Akuti Edzi siyenda m'madzi osamba m'manja, m'mbale kapena m'kapu. Pa kubayidwa kamodzi ngozi ilipo, tisaname, koma ndi yochepa: mwa anthu mazana angapo obayidwa chotero, amene amatenga ndi mmodzi. Mufunsa kuti iwo, ophunzira za chipatala, sakuzidziwa? Akuzidziwa kuposa ine ndi inu. Koma munthu amene tsiku ndi tsiku akuona amsinkhu wake akuwonda n'kutha m'wodi, popanda womufunsa kuti iwe ukupeza bwanji, mantha amamukulira kuposa zomwe anawerenga.

Pezani nthawi ana ali kusukulu. Musafunse kuti "Chavuta n'chiyani?" chifukwa yankho lake mukulidziwa kale, ndi "Palibe." Funsani kuti, "Singano ija inakubayani tsiku liti?" Mukatero khalani chete, ayankhule okha, ngakhale atalira.

Kenako akayezetse magazi, inu muwaperekeze. Miyezi isanu yadutsa, magazi atha kuonetsa, ndipo achipatala akanena kuti abwererenso, abwerere. Kufikira nthawi imeneyo, kuchipinda gwiritsani makondomu. Pamenepo pokha ndi pomwe kusamala kwawo kuli ndi nzeru.

Kalata yosiya ija apempheni aigwire kaye mpaka amve zotsatira. Munthu sasiya zaka zonsezi chifukwa cha yankho lomwe sanalimve. Akawauzenso adokotala aakulu amene akuwaphunzitsa. Kubayidwa si mlandu, ndipo ndingadabwe ngati adokotalawo kapena a Reinford sanabayidwepo. Ayambirenso ndi maopareshoni ang'onoang'ono, mnzawoyo ali pambali, avale magolovesi awiriawiri ngati alipo. Manja akazolowera kuima pambali amachita dzanzi, ndipo Novembala sali kutali.

Sindikulonjezani kuti magazi adzatuluka bwino. Ndikukhulupirira choncho, koma si ine woyeza. Zikadzavuta, mudzafunika inu nomwe pafupi nawo kuposa kale.

Chenjezo langa ndi ili: nkhaniyi isafike kwa apongozi, kwa amayi anzanu pa mpope, ngakhale kwa amalume aja. Matendawa anthu akuwanong'onezana, ndipo dzina la munthu wogwira mpeni kuchipatala likaipa m'tauni muno, odwala adzamuthawa ngakhale ali bwinobwino. Kalatayonso musaing'ambe kapena kuibisa. Aibweze okha m'thumba.

Koma musanayambe zonsezi, mawa masana ikani beseni patsogolo pawo, inu mukhale pansi. Akakankha, libwezeni. Akakankhanso, dikirani, mpunga uzizire palibe kanthu. Akasamba, pisani manja anu m'madzi omwewo iwo akuona.

Aphungu