Siyani chipika chija m'khwawa, Bambo

Chinsapo, Lilongwe
9 Januwale 2025

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa Amayi. Kodi msana uja wasiya kuwavuta? Kuno tadzuka bwino. Ndalemba kalata chifukwa pafoni, ndikangoyamba nkhani imene simukuifuna, mumati netiweki yavuta. Pepala ndiye simulidula.

Mvula kuno yatikwana. Zovala za kaunjika zimene ndimagulitsa zikununkha chinyontho, ogula akungogwira n'kusiya.

Loweruka ndinali ku chinkhoswe cha mnzanga wa ku Thyolo. Anaika tchopa wa m'masipika, anthu n'kumangodumpha ngati akuponda dothi la njerwa, opanda chikopa kapena nthenga. Ndinaseka, kenako misozi inangotsika yokha. Ndinakumbuka pabwalo la kwathu, inu mukuwamba ng'oma pamoto wa mapesi, anzanu oimba nawo, a Goodman ndi a Dominic, akukunenani kuti mumachedwa ngati mkwatibwi. Mukangoimenya yaikulu ija, amayi a kuchigayo ankasiya matumba awo pamzere n'kuthamangira kubwalo. Kulira kwa ng'oma kotero sindinakumvenso kwina kulikonse.

Tsono nkhani ndi iyi. Achimwene a Chikondwero andiuza zonse, ndipo musawakalipire. Akuti munapeza mtengo waukulu wogwa m'khwawa la kumtunda kwa munda wathu, ndiye tsiku lililonse mumakwera phiri la Michesi ndi kasemasema kukasema ng'oma yatsopano. Anthu atati akuthandizeni kutsitsa chipikacho munakana, mukuti ng'oma imasemedwa pomwe mtengo wagwera, imatsika ikapepuka. Ndikudziwa, umo ndi momwe bambo anu anakuphunzitsirani. Koma iwo ankasema m'chilimwe, osati mu Januwale.

Achimwene akutinso nthaka yang'aluka pamwamba pa khwawalo, mng'alu wolowa mkono wonse, ndipo madzi ofiira akutuluka pomwe panalibe kasupe. Banja la a Makina, oyandikana nafe aja, lasamuka kale. Amayi akuti phiri likumveka kugunda masanasana, kumwamba kulibe ndi mtambo womwe. Inu munangowayankha kuti phirilo mumalidziwa. Nanga a Goodman ndi a Dominic sankalidziwa? Matope a namondwe wa Freddy anawatenga pamodzi ndi ng'oma zanu zonse zitatu, ndipo a Dominic sitinawapeze mpaka lero.

Sindikukunyozani, Bambo. Mwatsala nokha, ndipo mukufuna kuti tchopa amvekenso m'mudzi anthu akakolola. Nanenso ndikufuna zomwezo, mwina kuposa inu. Koma ndili ndi mantha. Kukangoda mtambo kuno ndimalephera ndi kupinda chovala chomwe, foni ikalira mtima umangoti phwii.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Siyani chipikacho, mutenge Amayi mukakhale kwa azakhali a Violet ku Chiringa mpaka mvula ithe. Nyumba yawo ili kutali ndi mtsinje, ndipo ndalankhula nawo kale, akuti chipinda chilipo. Amayi sangachoke inu mutatsala, mukuwadziwa. Chipikacho chikatsalapo mudzachimaliza mu Meyi. Chikapita, chipite.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa achimwene ndi alamu, kwa amalume ku Kaduya, ndi kwa akazi a malemu a Dominic. Mdzukulu wanu Linda wayamba kuyenda chogwirira khoma.

Ndidikira mpaka Lamlungu. Ndikangomva kuti mwakweranso, Lolemba ndimanga katundu wanga n'kukwera basi. Tizikakwera limodzi m'khwawamo, inu ndi kasemasema wanu, ine ndi Linda kumbuyo, tizikakhala pansi pa mng'alu womwewo mpaka ng'omayo ithe. Musayese ndikuseka ayi. Liuma limeneli ndinatengera inu.

Ndine mwana wanu amene sasiya kukuganizirani,

Aliness