Magalasi Akuda a Awa

Wokondedwa mchimwene wanga Amidu,

Salaam aleikum. Kaya muli bwanji kumeneko ku Chiponde? Mwendo wa ababa uja unaphwa? Ine kuno ku Ulaya ndili bwino, kungoti kuzizira kwake kulibe chisoni.

Iwe Amidu, zatheka! Paja ndinakuuza kuti ndimayesa timiyala tating'onoting'ono, toti m'kadontho kamodzi timakwanamo tosawerengeka. Makina athu amatithwanimitsira kuwala kawiri. Kuwala koyamba kumadzutsa kanthu kotchedwa elekitironi, kamachoka pamalo pake n'kusiya dzenje, koma iko ndi dzenjelo zimakokanabe. Kwachiwiri kumasuzumira kuti tione zafika pati. Zonsezi zimachitika mwachangu moti kuphethira kwa diso n'chidodo.

Chaka chonse ndinkangopeza zopanda mutu. Lachiwiri lapitali mzere wa zotsatira umene makinawo amajambula unatuluka bwinobwino, kusonyeza mmene mphamvu ya kanthu kodzutsidwako imatsikira m'timiyala tochepetsetsa. Kuona maso a nkhono n'kudekhadi! Aphunzitsi anga, bambo a imvi zawo, anavina. Za kavinidwe kake usandifunse.

Koma kalata yako yandidula chimwemwe pakati. Ukuti amayi ataona chithunzi chija, ndili m'chipinda chamdima nditavala magalasi akuda, analira kuti mwana wawo wachita khungu? Ukutinso akana kukwera lole yobwerera ku Mozambique mpaka ndibwere adzandisamale, pomwe ena ayamba kale kusosa m'munda mwathu ku Mandimba? Ndinaseka, kenako ndinalira.

Apa uwawerengere pang'onopang'ono, uwamasulire m'Chiyao.

Amayi, magalasi aja timavala tonse, ndi aphunzitsi omwe, kuti kuwala kusatipweteke maso, monga amachitira owotcherera njinga pamsika. Ndikuona bwino. Pachithunzi chimene munatumiza ndaona tindevu ta Amidu, ngakhale n'tosayenera kutchedwa ndevu. Ndaonanso kuti mwavala mpango wanga wobiriwira uja, umene munkati unasowa.

Kubwera chaka chino sindingathe. Ndikasiya ntchitoyi itangoyamba kubala, ndataya zonse zimene munandivutikira. Ndakusowani kwambiri, koma chonde kwerani loleyo. Wina akadzala m'mundamo mvula n'kugwa, mudzamuzula bwanji? Paja munkatiuza nokha kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Munatidutsitsa m'tchire pothawa mfuti, musataye kwanu chifukwa cha magalasi. Inshallah, ndikadzabwera ndidzakupezeni pakhomo panu, osati pamalo obwereka.

Amidu, upereke moni kwa ababa, azakhali a Amida ndi a Blackson amene anatipatsa pogona titangowoloka malire. Muwatsanzike bwino musananyamuke. Mulungu akuyendetseni.

Amayi akakanabe, uwauze kuti Awa wati wakhungu ndi amene sakuona kuti nkhondo yatha. Koma unene uli pataliko.

Ndine mlongo wako,
Awa