Sizasi ya Idesi

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene muliko? Ine ndiyambe ndi Idesi, mkazi wa achimwene Fatsani, chifukwa ndikapanda kumutchula pompano kalata yonseyi inunkha iye.

Wadula chithunzi chanu ndi sizasi.

Ndikunena chija anakupatsani madala, abwana anu okalamba aja a ku Musgrave, mutatha zaka khumi mukuwagwirira ntchito, cha mmisiri wa ku Jeremani wosula ziboliboli zachitsulo. Tsiku lomwe tinkakumbukira kuti patha chaka chimwalirireni, Idesi anafuna kuti chikhale pakhoma pafupi ndi foto yanu. Anakagula fulemu yonyezimira, kufika nayo kunyumba n'kupeza kuti pepala lakula. Munthu wina akanabweza fulemuyo. Iye anachepetsa pepala. Anadula mbali zonse zinayi, mpaka m'munsi muja munali 11/30 ndi dzina la mmisiriyo, zolembedwa ndi pensulo. Akuti ankayesa kuti ndi ana anakhwatchakhwatcha. Ana ake ati, Amayi, poti nyumba ija inalibe mwana?

Mukukumbuka mmene munkandifotokozera m'takisi pobwerera kwathu ku Sydenham, monong'ona kuti ena asamve Chichewa chathu? Munkati bamboyo amakanda chitsulo ndi singano, n'kuchiviika mu asidi, n'kupaka inki, kenako amadinda mapepala makumi atatu basi. Akatha amachiwononga chitsulocho dala kuti wina asadindenso. Ine ndinkaseka, ndinkati ndi mizere yakuda chabe ngati waya wa khola. Inu munkati, “Iwe umaona msanga, n'chifukwa chake suona.” Ndipo ndikabwera kudzakuthandizani Loweruka munkandiimitsa pakhomo: “Samba m'manja kaye. Ugwire pang'onopang'ono, poyera pa m'mphepete paja si pachabe.”

Nkhani zina n'zakuti ntchito yanu ndinailowa ine, Lachiwiri ndi Lachisanu. Madala maondo awatha, sakutsikanso masitepe, ndipo nthawi zina amandiitana dzina lanu. Sindiwakonza. Zithunzi akugulabe, china chafika mwezi watha, ndipo anachitsegula atavala magolovesi ngati adotolo. Mpiru wanu wa m'zidebe unachita bwino, tinadya mpaka kugawirako aneba, koma tomato anamaliza apusi. Denga likudonthabe pakona paja. Ndasuntha bedi.

Tsono madala anandipempha kuti ndiwabwereke chithunzi chanu kwa tsiku limodzi. Paja mmisiriyo anapanga zisanu ndi chimodzi zoyendera limodzi, ndipo madala anasunga zisanu, zonse nambala 11. Anzawo otolera zithunzi ankabwera, ndiye anafuna zikhale pamodzi pakhoma. Ndinazengereza milungu iwiri, Amayi. Ndinanama kuti mvula, ndinanama kuti ndaiwala. Mapeto ake ndinachikulunga m'chitenje chanu n'kupita nacho.

Madala anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati kwa anthu otolera zithunzi, tsopano padziko patsala makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangondiuza kuti ndichikhomebe pakati pa zinzake, chifukwa inu ndi amene munkadziwa malo a chilichonse m'nyumba muja. Chinkaoneka ngati mwana wometedwa mpala pakati pa abale ake, koma chinakhala pamenepo tsiku lonse.

Pali chimene simukudziwa. Chikuikireni m'manda, achimwene akhala akundivutitsa kuti chithunzicho tigulitse, ati pepala sitingadye. Ine ndinkakana, iwo ankati wamkulu ndi iwo. Idesi atachidula kale, achimwene anachichotsa pakhoma pafupi ndi foto yanu paja n'kupita nacho mwakabisira kwa munthu wina wogula zoterezi ku Greyville. Munthuyo akuti anangochitembenuza, n'kufunsa kuti nambala ili kuti, n'kuwabwezera. Madzulo ake anabwera nacho kuchipinda kwanga n'kuchisiya pabedi, ati ndisunge poti ndimachikonda. Lero chili pamwamba pa kabati yanga, palibe akuchifunanso. Zimandiwawa kuvomera, koma Idesi akanapanda kudula, bwenzi pano chili m'nyumba ya mlendo.

Musaganize kuti ndamuyamika. Sanadule kuti andithandize.

Nkhani yaikulu ndaisungira kumapeto. Idesi wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha Felesiya, dzina lanu. Patha milungu itatu sindinapondeko. Dzana achimwene anandibweretsera envulopu yochokera kwa iye. M'kati munalibe kalata, munali kachidutswa kaja ka m'munsi, 11/30 ndi dzina, kopindika pakati. Akuti anakatola yekha m'bini tsiku lomwe ndinamulalatira chifukwa chodula chithunzicho, ndipo wakhala akukasunga m'Baibulo chifukwa choopa kundipatsa. Madala akuti ngakhale titamata sichingabwerere mwakale. Sindimata. Ndakaika kumbuyo kwa fulemu.

Munkati ndili ndi pakamwa pa abambo komanso mtima wosunga zinthu ngati sutikesi. Sindinasinthe. Idesi sindinamukhululukire, ndipo sindikunamizani kuti zichitika mawa. Koma Felesiya sanagwire sizasi. Lamlungu ndipita ndi sopo ndi matewera, ndikasamba m'manja pakhomo, ndikamunyamula pang'onopang'ono monga munandiphunzitsira. Idesi akandipatsa tiyi ndikamwa.

Za chithunzizi ndanena kwa inu lero, ndipo zathera pano. Sindidzazitchulanso, kaya kwa iye, kaya kwa achimwene, kaya kwa mwanayo akadzakula n'kufunsa chifukwa chake chithunzi cha agogo ake chilibe m'mphepete.

Ndine mwana wanu wokukondani, wovuta uja,
Enelesi