Mita ikuyenda zonse nditazimitsa

Bambo a Ella,

Pepani, simundipeza, ndathamangira ku ofesi yoona za nyumba. Mayunitsi munagula Lolemba aja angotsala atatu, ndipo mutu wanga waima.

Ndinazimitsa zonse m'nyumba muno n'kukaima pa mita yathu, koma kagetsi kofiira kaja kanali kuphethirabe. Mayi a kwa Sajeni Lodwick, oyandikana nafewa, atangomaliza kusita, kanasiya. Kodi amisiri aja anasemphanitsa mawaya? Ndiye kuti miyezi yonseyi timasamba madzi ozizira kuti tipulumutse magetsi a eni ake?

Muyatse filiji, chambo cha ku Lifuwu chija chingawole. Koma zokawauza a Sajeni mupite ndinu. Ine kuchita sawatcha sindidziwa.

Christobel